Kumanga Kompyuta Yopangira Nyimbo ndi Thumba Lopepuka

Masiku amakedzana, munthu amene Chauta anampatsa mawu okoma ankayenera kumanga ulendo kuti nyimbo yake ijambulidwe, kaya wopita ku nyumba ya mphepo ya MBC mu mzinda wa Blantyre, kaya, m'zaka zakumbuyoku, wopita ku Balaka kwa a Paul Banda, kumene situdiyo ya Imbirani Yahwe inalera oyimba ochuluka. Ndipo ambiri amene analibe ya basi kapena wowalankhulira anakalamba nyimbo zawo zikali m'mtima. Lero ntchito yomwe inkadzaza nyumba yathunthu ikukwanira pa tebulo la m'chipinda chogona, kotero kuti chimene chikusautsa mnyamata wa ku Ndirande kapena mtsikana wa ku Kawale ndi kudziwa pamene ayenera kuika makwacha ake ochepawo, makamaka kuyambira pamene ndalama yathu inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zipangizo zonse zochokera kunja n'kukwera mtengo.

Msampha woyamba uli m'maso. Wogula akalowa m'sitolo, mtima wake umathamangira ku bokosi la magalasi lowala mitundumitundu, lomwe anapangira ochita masewera a pakompyuta; koma akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, pakuti gawo lalikulu la mtengo wa bokosi lotere lili mu graphics card, chipangizo chojambula zithunzi chimene sichiwonjezera kanthu pa kukoma kwa mawu, koma chimangodya magetsi ndi kubweretsa phokoso la mafani ake. Wanzeru amayang'ana makompyuta akale a m'maofesi, monga Dell OptiPlex kapena HP EliteDesk, amene amabwera ngati kaunjika, olimba, osachita phokoso, ndiponso osavuta kutsekula. Ayenera kungofunsa m'badwo wa processor yake, chifukwa kampani ya Microsoft inaleka kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna processor ya Intel ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kapena wotsatira. Core i5 ya m'badwo umenewo, RAM yokwana 16 GB, ndi SSD m'malo mwa disiki yakale yozungulira ija, ndi zokwanira kusenza nyimbo ya zoimbira zambiri popanda kudodoma; ndipo RAM ndi SSD munthu angathe kuziika yekha ndi sikuludalaivala, atazimitsa makina ndi kuzula chingwe pakhoma.

Koma chimene ndikufuna kuchikhalira pansi ndi kabokosi kakang'ono kotchedwa audio interface, komwe ambiri amakaiwala kufikira ndalama zitatha. Mawu a woyimba akalowa m'maikolofoni, kabokosika kamawasandutsa manambala, kawirikawiri ka 44,100 pa sekondi imodzi, ndipo kompyuta imalandira manambalawo m'timagulu totchedwa buffer, n'kuwabweza ku mahedifoni itawakonza. Kagulu kakakhala ka manambala 128, kamatenga pafupifupi mamilisekondi atatu kuti kadzaze, nthawi yomwe khutu silingaizindikire. Koma kakakhala ka 1,024, kamatenga mamilisekondi oposa 20, ndipo pophatikiza ulendo wopita ndi wobwerera, woyimba amayamba kudzimva ngati munthu wofuula m'phanga, mawu ake akumtsatira m'mbuyo, kufikira ataphonya kugunda kwa ng'oma. Kuti vutoli lichepe, kampani ya Steinberg ya ku Hamburg, yomwe inatulutsa Cubase mu 1989, inakonza njira yotchedwa ASIO, imene imalola pulogalamu kulankhula mwachindunji ndi kabokosiko. Chotero audio interface monga Behringer UMC22 kapena Focusrite Scarlett Solo, ngakhale yogwiritsidwapo kale ntchito, imapindulitsa woyimba koposa processor yodula, ndiponso ndiyo imapereka mavolti 48 amene maikolofoni ya condenser imafuna kuti idzuke. Pojambula mawu, chepetsani buffer. Posakaniza nyimbo, ikulitseni kuti processor ipume.

Za mapulogalamu ndinene mosabisa mawu. Mkhalidwe wotenga mapulogalamu akuba wafala pakati pathu, ndipo umandipweteka mtima, chifukwa woyimba yemweyo amene akulira kuti nyimbo zake zikukopedwa m'misika popanda dipo, amenenso bungwe la COSOMA linakhazikitsidwa mu 1992 kuti limteteze, sayenera kukolola pamene sanafese. Kuwonjezera apo mapulogalamu otere kawirikawiri amadza ndi mavairasi amene angathe kuwononga ntchito ya chaka chonse. Njira zoongoka zilipo. Audacity ndi LMMS n'zaulere. Reaper imalola munthu kuiyesa masiku 60, kenaka mtengo wake kwa wongoyamba ndi madola 60. Ndipo FL Studio ya kampani ya Image-Line ya ku Belgium, imene achinyamata ambiri a ku South Africa anapangira gqom ya ku Durban ndi amapiano ali m'zipinda zawo, wogula amalipira kamodzi n'kumalandira zosintha zake zonse kwaulere.

Chotsalira ndi magetsi ndi chipinda. Kompyuta ya patebulo ilibe batire, kotero magetsi akathima mwadzidzidzi, zimene simunasunge zapita, ndipo akabwera mwamphamvu angathe kutentha makina. N'chifukwa chake UPS yaing'ono, yomwe ndi batire yopatsa munthu mphindi zochepa zosungira ntchito ndi kuzimitsa mwaulemu, iyenera kuwerengedwa pamodzi ndi mtengo wa kompyuta, monganso disiki yachiwiri yosungirako makope a nyimbo. Fumbi la m'chilimwe lipemereredwe kawirikawiri, pakuti likatseka mafani makina amatentha ndi kuyamba kulira. Ndipo popeza nyumba zathu zambiri n'za malata ndi simenti, momwe mawu amagunda khoma n'kubwerera, wongoyamba agule mahedifoni abwino asanaganize za masipika, apachike mabulangete okhuthala kumbuyo kwa woyimba, ayale chiguduli pansi, ndipo ajambule usiku kapena m'bandakucha, pamene chigayo ndi maminibasi zaleka kusokosa.