MAPHUNZIRO: Mayunivesite Apindula Pogulira Pamodzi Intaneti, Koma Ntchito Yatsala M'kati mwa Mpanda

LILONGWE – Kafukufuku wina yemwe zotsatira zake zinatuluka m'chaka cha 2006 anasonyeza kuti mayunivesite ambiri a mu Africa ankalandira intaneti yofanana mphamvu ndi ya nyumba imodzi ya ku Ulaya. Kuwonjezera apo, mtengo umene ankalipira unali wokwera maulendo pafupifupi 50 poyerekeza ndi umene sukulu za ukachenjede za m'madera ena a dziko lapansi zinkalipira.

Gwero la vutoli linali lodziwika. Pa nthawiyo gombe la kum'mawa kwa Africa linalibe nthambo ya intaneti yodutsa pansi pa nyanja, kotero sukulu zambiri zinkadalira setilaiti, yomwe ndi yokwera mtengo. Komanso sukulu iliyonse inkakambirana payokha ndi kampani yogulitsa intaneti, ndipo wogula mmodzi sakhala ndi mphamvu zotsitsa mtengo.

Amene ankavutika kwambiri anali ophunzira ndi ochita kafukufuku. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatsegula ndondomeko ya HINARI mu 2002, ndipo la FAO linatsegula ya AGORA mu 2003, pofuna kuti sukulu za m'mayiko osauka ziziwerenga magazini a sayansi mwaulere kapena pa mtengo wotsika. Koma pomwe intaneti inali yofooka, zolembedwazo zinkachedwa kutsika, mwinanso osatsika kumene.

Pofuna kuthana ndi zimenezi, mayunivesite anayamba kukhazikitsa mabungwe, limodzi m'dziko lililonse, oti azigula intaneti yambiri nthawi imodzi n'kugawira sukulu zonse. Mu 2005 mabungwe asanu otere, KENET la ku Kenya, MAREN la ku Malawi, MoRENet la ku Mozambique, RwEdNet la ku Rwanda ndi TENET la ku South Africa, anapanga mgwirizano wa UbuntuNet Alliance, womwe ofesi yake inakhazikitsidwa ku Lilongwe. Pambuyo pake mabungwe ena, monga ZAMREN la ku Zambia, analowa nawo.

Zinthu zinasintha kwambiri mu 2009 pamene nthambo ya SEACOM inayamba kugwira ntchito, itatulukira ku Mombasa, Dar es Salaam, Maputo ndi Mtunzini. Ya EASSy inatsatira mu 2010. Ngakhale zinali choncho, mayiko omwe sali m'mphepete mwa nyanja, monga Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, anafunikabe nthambo zapamtunda zodutsa m'mayiko oyandikana nawo.

Mu 2011 ntchito ya AfricaConnect inayamba ndi thandizo la ndalama lochokera ku European Union. Cholinga chake chinali kulumikiza mabungwewa okhaokha komanso ndi GÉANT, mgwirizano wotere wa ku Ulaya. Kale uthenga wochoka pa yunivesite ina kupita pa inzake ya m'dziko loyandikana nalo unkayamba wadzera ku Ulaya, ndipo ulendo wozungulirawo unkaonjezera mtengo ndi nthawi.

Komabe intaneti yafanana ndi madzi a m'mpopi: ngakhale paipi yaikulu itafika pachipata, madzi safika m'nyumba ngati mapaipi am'kati akudontha. Apa ndi pamene pagona udindo wa sukulu iliyonse.

Choyamba ndi kuyeza. Sukulu imene sidziwa kuti intaneti yake ikuthera kuti singathe kuigawa mwanzeru. Makompyuta ochepa chabe okhala ndi mavairasi, kapena anthu ochepa okopera mafilimu, angathe kudzaza njira yonse. N'chifukwa chake pamafunika malamulo olembedwa, ovomerezedwa ndi akuluakulu a sukulu, opatsa mwayi woyamba laibulale ndi maphunziro m'nthawi ya kalasi. Kusunga pa kompyuta yaikulu ya pasukulupo zinthu zomwe anthu ambiri amazifuna kumathandizanso kuti chinthu chimodzi chisamaitanitsidwe kunja kambirimbiri.

Chachiwiri ndi magetsi. M'mayiko momwe magetsi amathimathima, makina aakulu amawonongeka msanga, ndipo zolembedwa zofunika monga zotsatira za mayeso zingatayike. Jenereta, mabatire, magetsi a dzuwa komanso kusunga makope ena pamalo apadera ziyenera kukhala mu bajeti ya chaka ndi chaka.

Chachitatu ndi anthu. Katswiri amene yunivesite yamuphunzitsa amakopeka mosavuta ndi malipiro a kubanki kapena kukampani ya mafoni. Ngati kalumikizidwe ka makina onse kali m'mutu mwa munthu mmodzi, tsiku limene wachoka sukulu imatsala m'mdima. Kulemba zonse m'kaundula, kuphunzitsa antchito angapo, ndi kukhala ndi ofesi imodzi yolandira madandaulo n'kuwatsatira mpaka atathetsedwa kumachepetsa chiopsezo chimenechi.

Mliri wa Covid-19 unaonetsa poyera kufunika kwa zonsezi. Sukulu zitatsekedwa mu 2020, maphunziro anayenera kupitirira kudzera pa intaneti, ndipo ophunzira ambiri omwe anali kumidzi analibe kompyuta kapena ndalama zogulira mabandulo.

Phunziro lake ndi lakuti ndalama za mabungwe othandiza zimagula makina ndi nthambo, koma zimatha ntchitoyo ikafika kumapeto. Kulipira akatswiri, kukonza zowonongeka ndi kupereka zopereka ku bungwe la m'dziko ndi mtolo umene khonsolo ya yunivesite pamodzi ndi boma ziyenera kusenza zokha chaka chilichonse.