Chikho chikabwera m'tauni, venda agulitsira kuti?

Boma lililonse likalengeza kuti kubwera msonkhano waukulu kapena masewero a maiko ambiri, nyimbo imakhala imodzimodzi: alendo akubwera ndi ndalama, konzekani kudyerera. Ine ndikamva nyimbo imeneyi maganizo amathamangira ku South Africa, kumene abale athu ambiri ali pa ntchito ndi pa geni, chifukwa mu 2010 dziko limenelo linatiwonetsa momwe nkhani zoterezi zimathera.

South Africa inapatsidwa mwayi wochititsa mpikisano wa World Cup pa 15 May 2004 ku Zurich, Nelson Mandela ali pomwepo. Mpira unayamba pa 11 June 2010 n'kutha pa 11 July, masewero 64 m'mabwalo 10. Tonse tikukumbukira chigoli cha Siphiwe Tshabalala pomwe Bafana Bafana inakumana ndi Mexico, komanso phokoso la mavuvuzela. Koma inu a malonda, pamene pali nkhani yanu si pa mwezi umodzi umenewo ayi. Nkhani ili m'zaka zisanu ndi chimodzi zokonzekera zija, pomwe anthu ovala masuti amasayinirana mapepala.

Mu 2006 nyumba ya malamulo ya dzikolo inakhazikitsa malamulo apadera a mpikisanowu, ndipo makhonsolo a mizinda anasayina mapangano ndi bungwe la FIFA. M'mapanganomo munali mfundo yoti malo ozungulira bwalo ndi a makampani amene analipira FIFA, monga Coca-Cola, McDonald's ndi Budweiser. Mayi amene kwa zaka zambiri amaphika nsima yawo ija amati pap ndi kuwotcha nyama panja pa bwalo tsiku la mpira, anapezeka kuti pa tsiku lalikulu kuposa onse akufunika chilolezo chapadera, apo ayi asunthe. Taganizani, makasitomala zikwizikwi akudutsa, iwe uli kuseri kwa mpanda!

Malamulowa sanali a masewera. Pa mpira wa Netherlands ndi Denmark ku Soccer City, atsikana oposa 30 anatulutsidwa m'bwalo chifukwa anavala madiresi amene ati amatsatsa mowa wa Bavaria, ndipo awiri anamangidwa. Nanga ngati azungu anawachita zotero, venda wa masikafu akanalimba? Ngakhale zidole za Zakumi, kambuku uja anali chizindikiro cha mpikisano, zinakapangidwa ku China.

Ku Durban ndiye kunali nkhani yoti aliyense wa mumsika aidziwe. Mu 2009 khonsolo ya mzindawo inafuna kugwetsa msika wa Early Morning Market ku Warwick Junction, msika umene unayamba mu 1910, kuti pamalopo pamangidwe nyumba ya magolosale mpira usanafike. Amalonda sanangokhala chete kumadandaulira m'mitima. Anagwirizana, anayenda m'misewu, anagona mumsika momwemo apolisi akuwathira utsi wokhetsa misozi, kenako anakamang'ala ku khoti mothandizidwa ndi maloya a Legal Resources Centre. Mu 2011 khonsolo inasiya ganizo lija. Chimene chinawapulumutsa n'chakuti anali ndi bungwe lawo, anali ndi mapepala a malo awo, ndipo anadzuka makasu asanafike. Akanadikira tsiku logwetsa, bwenzi lero tikungoti panali msika apa.

Tsono tibwere ku ndalama, ndipo apa ana a sukulu tcherani khutu. Boma la South Africa linanena lokha kuti linawononga ma rand oposa 27 biliyoni pokonzekera. Alendo ochokera kunja amene anabwerera mpira anali pafupifupi 310,000, pomwe poyamba anthu amauzidwa kuti apitirira 400,000. FIFA inatenga phindu lake osadula msonkho, n'kubwerera ku Zurich. Mlendo ndi mame, akuluakulu anatero. Mwini mudzi ndiye anatsala ndi mabwalo oti aziwasamala.

Ku Cape Town ena amafuna kuti mpira ukachitikire ku Athlone, kufupi ndi kumene kumakhala anthu wamba okonda mpira. Mapeto ake bwalo latsopano linamangidwa ku Green Point, poti kumeneko phiri la Table Mountain ndi nyanja zimaoneka bwino pa kanema. Linadya ma rand oposa 4 biliyoni, amalonda a msika wa Lamulungu amene anali pamalopo anasamutsidwa, ndipo kwa zaka zambiri khonsolo imalisamala ndi ndalama za misonkho; timu ya rugby ya Stormers inadzasamukirako mu 2021.

Kunena chilungamo, sizinali zoipa zokhazokha. Sitima ya Gautrain, mabasi a Rea Vaya ku Johannesburg ndi bwalo la ndege la King Shaka ku Durban zinafulumira chifukwa cha mpirawo, ndipo izi anthu anatsala nazo. Koma onani bwino: zimene zinathandiza ndi zomwe mzinda umazifuna kale, kaya mpira ubwere kaya usabwere. Durban yomweyo itapatsidwa masewero a Commonwealth a 2022, inalandidwa mu 2017 nkhani yake ili ya ndalama.

Kuno kwathu tinalawako mbali ina ya nkhaniyi. Msonkhano wa atsogoleri a African Union umayenera kuchitikira ku Lilongwe mu July 2012, koma utatsala mwezi umodzi unasamukira ku Addis Ababa boma litakana kulandira Omar al-Bashir wa ku Sudan. Munthu amene anatenga katapila n'kuoda katundu podalira alendo amenewo, mukuganiza anakadandaula kwa yani?

Mpikisano wa AFCON wa 2027 anapatsidwa Kenya, Uganda ndi Tanzania, ndipo ambiri a inu mumakaoda katundu ku Kariakoo mu Dar es Salaam. Mukafikako, afunseni anzanu a m'misewu ngati khonsolo yawauza kale malire a malo oletsedwa, mtengo wa chilolezo, komanso ngati amene adzasunthidwe ali ndi pepala lolembedwa kuti mpira ukatha adzabwerera pamalo pawo.