Mphipi, abakha omira ndi kaundula amene tilibe

M'mawa ku Senga Bay, asodzi a usipa akamakocheza, pamadzi pamaoneka mbalame yakuda, khosi lokha lili pamtunda. Imamira, n'kukavuuka poteropo kansomba kali kukamwa. Mlendo wogona m'nyumba ya m'mbali mwa nyanja amasangalala kuti waona bakha wam'tchire, koma mwana aliyense wa pagombe amuuza kuti ameneyo ndi mphipi. Ingomudikirani akwere pamwala, mudzaona akutambasula mapiko kuti aume, poti nthenga zake zimalowa madzi. Bakha sachita zimenezo.

Abakha omira enieni sagwirizana ndi mafunde a mwera. Amakonda madzi odekha a m'mathamanda ndi m'madambo onga la Mpatsanjoka, kuseri kwa gombe. Pali wina amene mabuku amamutcha Southern Pochard: wamwamuna ndi woderapo kwambiri, diso lake lofiira psuu, ndipo akauluka pamapiko pamaoneka mzere woyera. Wina ndi White-backed Duck, wamathothomathotho, yemwe amabisala pakati pa maluwa a m'madzi, thupi litamira theka. Ameneyu ukamuyandikira sathamangira kuuluka, amangolowa pansi. Ndinakhalapo pafupifupi ola lathunthu ndikuyang'ana masamba oyandama, osadziwa kuti china mwa zimene ndinkayesa zinyalala chinali ndi maso.

Kumayiko ena kuonera mbalame ndi ntchito ya kope ndi pensulo. Ku America kunali chizolowezi chopikisana kupha mbalame pa Khirisimasi, mpaka mu 1900 Frank Chapman anapempha anthu kuti aziziwerenga m'malo moziwombera. Mwambo wowerengawo ulipobe. Ku Britain bungwe la RSPB lakhala likupempha anthu kuyambira 1979 kuti mu Januwale apatule ola limodzi, awerenge mbalame za pakhomo pawo. Enanso amapita kukawerenga mbalame m'madamu mwezi ndi mwezi, osalipidwa. Kalembera wotereyu ndi amene anaulula kuti bakha womira wa ku Ulaya, Common Pochard, akuchepa, ndipo mu 2015 anaikidwa m'gulu la mbalame zimene zili pachiopsezo.

Ifeyo kudziwa timadziwa, mwinanso kuposa iwowo. Msodzi wa ku Salima alibe makina oonera patali, koma usiku amazindikira bakha wotchedwa chipweyo pongomva likhweru lake, ndipo sangasokoneze tsekwe ndi bakha wina aliyense. Chimene chimandiwawa n'chakuti nzeru imeneyi imathera m'mutu. Mkulu akanena kuti kale abakha ankadetsa dambo, palibe pepala loti limuikire umboni, chonsecho madambo akulimidwa mpunga chaka ndi chaka. Ndipo tisanamizane, ambirife tikaona bakha wam'tchire timayamba taganiza za ndiwo. Sindikuwada alenje. Ku nyanja ya Chilwa, imene inalowa m'pangano loteteza madambo la Ramsar mu 1996, mbalame zimadyetsa mabanja pamene nsomba zasowa. Koma mlenje ndi amene ayenera kuyamba kufuna chiwerengero, chifukwa abakha akatha woyamba kugona ndi njala ndi iyeyo.

Buku la The Birds of Malawi la mu 2006 linalemba mitundu pafupifupi 650, koma ndi la m'Chingerezi. Aphunzitsi amene mumatsogolera makalabu a zachilengedwe m'sukulu za ku Salima, tengani ana mupite nawo ku Mpatsanjoka kawiri pachaka, mu Januwale ndi mu Julaye. Itananinso msodzi wachikulire kuti azitchula mayina, ana azilemba m'Chichewa.