Mutu 7: Kusamba Kukatha, Bere Siligona

M'makomboni a Lusaka, ku Kanyama, ku George, ku Mtendere, anthu ambiri amakhulupirira kuti mayi akasiya kusamba, zomwe zimachitika pakati pa zaka 45 ndi 55, nkhani za mabere zatheranso pomwepo. Kachotupa kakamveka, agogo amati ndi mkaka wakale umene unaundana. Mawu amenewa amandiwawa, chifukwa amachedwetsa amayi kupita kuchipatala mpaka bere litachita chilonda.

Tiyambe ndi mahomoni. Mayi akamasamba, esitirojeni wambiri amachokera m'tiziwalo topanga mazira, ndipo ndiye amauza maselo a m'bere kuti achuluke. Kusamba kukatha tiziwaloti timapuma, koma esitirojeni satheratu. Zili ngati mbaula imene malawi azima, makala akadali ofiira pansi pa phulusa. Tiziwalo tina tokhala pamwamba pa impso timatulutsabe mahomoni, ndipo mafuta a m'thupi amawasandutsa esitirojeni kudzera mu enzaimu yotchedwa aromatase.

Mfundo ya mafutayi ndiyo ndikufuna muigwiritsitse. Kwathu mayi akanenepa timamuyamikira kuti akusungidwa bwino. Koma kwa mayi wosiya kusamba, mafuta akachuluka esitirojeni amachulukanso, ndipo maselo a m'timitsempha ta mkaka amapitiriza kugawikana pa msinkhu umene anayenera kukhala chete. Nthawi zina amangounjikana osakhala khansa, ngakhale kuunjikana kwina kumakweza chiopsezo. Nthawi zina amasanduka khansa yeniyeni, ndipo khansa zambiri za m'mabere pa msinkhu uwu zimakula ndi esitirojeni yemweyu. Mowa, kaya chibuku kaya kachasu, umamukwezanso m'magazi. Chiopsezo chobadwa nacho m'banja chiliponso.

Cholakwa chofala ndi kudikira ululu. Chotupa choopsa nthawi zambiri sichipweteka poyamba, ndiye mayi amachithowa ndi madzi otentha, n'kumachibisa m'chitenge miyezi. Chotupa chatsopano chilichonse, nsonga ya bere yolowa m'kati, magazi otuluka kunsonga, mwanabere m'khwapa: pitani kukiliniki sabata lomwelo. Kumeneko angakutumizeni ku chipatala cha Matero, Chawama kapena Kanyama, kenako ku chipatala cha UTH ndi ku Cancer Diseases Hospital, imene inatsegulidwa mu 2007. Kachidutswa ka chotupa kakapimidwa n'kupezeka kuti kamamvera esitirojeni, pali mankhwala a tamoxifen otseka malo amene esitirojeni amagwirapo m'maselo, ndiponso letrozole ndi anastrozole, amene amaimitsa aromatase m'mafuta muja.