Maboma Athu: Kasungu, Mbiri Yake Ili m'Mabalani

Wofuna nyumba zamakedzana amathamangira ku Zomba, kapena ku Blantyre kukaona Mandala ya 1882. Ku Kasungu amangodutsa mu M1, naona masitolo, mabanki ndi phiri, nkumati tauni iyi ilibe zakale. Kulakwa kwake nkofunafuna pakati pa tauni. Boma la atsamunda lidayamba pano ngati linga, Fort Alston, Angerezi atagonjetsa Mwase Kasungu mu 1895, koma chimene chidamanga Kasungu ndi fodya, ndipo fodya sadamange m'tauni.

Patukani mumsewu wafumbi wopita kumaesiteti. Mupeza mabalani a njerwa zootcha, atali kuposa nyumba zogonamo, opanda mawindo, ng'anjo ili kunja, mipope yotentha ikudutsa pansi, mitengo yopachikapo fodya itasanjikana mpaka kudenga. Pambali pake pali zigafa za fodya wa bale, denga laudzu pamwamba pa mafoloko, mphepo ikuomba mbali zonse. Kamangidwe aka sikadachite kujambulidwa muofesi. Kadatsata zofuna za tsamba. Ambiri mwa mabalani a m'nthawi ya Kamuzu, pamene mabungwe olima fodya a General Farming ndi KFCTA ankalamulira derali, lero ang'aluka, ena anthu akuwagumula kuti apeze njerwa. Tikamanena za Kasungu timatchula nyumba ya Kamuzu ya Nguru ya Nawambe ndi Kamuzu Academy ya ku Mtunthama, yotsegulidwa mu 1981, ya zipilala zake ndi Chilatini chake. Nzokongola ndithu, koma zimafotokoza munthu mmodzi. Balani imafotokoza anthu zikwizikwi amene ankagona maso kusonkheza moto usiku wonse.

Wina ati, tisungirenji chikumbutso cha thukuta la matenanti ndi nkhalango zimene zidathera m'ng'anjo? Funsoli nlomveka, koma likugwira mbali yathu. Ukapolo wa ku Nkhotakota sitiukumbukira chifukwa unali wabwino. Wina ati ndalama palibe, pamene zipatala zikusowa mankhwala. Zoona, komatu palibe akupempha kuti balani iliyonse itetezedwe. Lamulo la zipilala ndi zinthu zakale lilipo kale, ndipo ng'anjo zosungunulira chitsulo za m'nkhalango ya Kasungu zimasungidwa popanda chuma chambiri. Esiteti imodzi yokhala ndi mabalani ake, chigafa ndi nyumba za antchito, kufupi ndi msika wa fodya wa Chinkhoma, ingakwane, bola khonsolo ndi eni malo agwirizane njerwa zisanathe.