Nsomba zikachepa, agone ndi njala ndani, msodzi kapena pengwini?

Pa 18 Malichi 2025, khoti lalikulu la ku Pretoria linavomereza mgwirizano womwe unathetsa mlandu umene unatenga chaka chathunthu. Odandaula anali mabungwe awiri oteteza mbalame, BirdLife South Africa ndi SANCCOB. Oyankha anali nduna yoona za nkhalango, usodzi ndi chilengedwe, pamodzi ndi mabungwe a makampani opha nsomba. Chigamulocho chinati kwa zaka 10, zombo zopha sadini ndi anchovi zisamaponye maukonde m'madera ena ozungulira malo 6 amene apengwini amaswana. Pa chilumba cha Robben, chija anamangidwako Nelson Mandela, malire ake ndi makilomita 20 mbali zonse.

Ngakhale mlanduwo unathera ku Pretoria, gwero lake ndi Cape Town. Kuno ndi kumene kuli maofesi a boma oona za usodzi, kuli akatswiri a masamu a pa University of Cape Town amene amathandiza kuwerengera nsomba zoyenera kuphedwa chaka chilichonse, kuli chipatala cha mbalame cha SANCCOB ku Table View, ndipo kulinso apengwiniwo. Amalawi ambiri okhala ku Masiphumelele ndi madera oyandikana ndi Fish Hoek ali pafupi kwambiri ndi gombe la Boulders ku Simon's Town, kumene alendo ochokera m'mayiko akutali amalipira ndalama kuti aone mbalamezi zikuyenda mwadzandidzandi pamchenga. Pengwini sauluka. Mapiko ake ndi opalasira m'madzi, msana wakuda, mimba yoyera, ndipo kulira kwake n'kofanana ndi kwa bulu. Mtundu wa kuno umaswana ku South Africa ndi ku Namibia basi, kulibenso kwina padziko lonse.

Wofika pa Boulders angaganize kuti zinthu zili bwino, chifukwa mbalame zimaoneka zambiri ndiponso zosaopa anthu. Chiwerengero chimanena zina. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 apengwini anali opitirira miliyoni imodzi. Pofika 2023, mabanja oswana m'dziko la South Africa anali osakwana 10,000, ndipo ankachepa ndi pafupifupi 8 peresenti chaka chilichonse. Mu Okutobala 2024 bungwe la IUCN, lomwe limasunga kaundula wa zamoyo zimene zikutha, linaika pengwini wa ku Africa m'gulu la zamoyo zomwe zili pangozi yaikulu koposa zisanatheretu m'chilengedwe. Mwa mitundu 18 ya apengwini, uwu ndi woyamba kufika pamenepo. Mmalawi sayenera kuliona ngati lachilendo gulu limeneli, chifukwa chambo wathu analembedwa momwemo mu 2018. Asayansi akuti zinthu zikapitirira chonchi, pofika 2035 pengwini wa ku Africa adzakhala atatha m'nyanja.

Mavuto a mbalameyi anayamba kale. Kuyambira m'ma 1840, anthu ankapala zitosi za mbalame zomwe zinaunjikana pa zilumba kwa zaka mazanamazana n'kumazigulitsa ngati feteleza. Apengwini ankakumba zisa zawo m'zitosi zimenezo, ndiye zitachotsedwa anayamba kuikira mazira pamtetete, pomwe dzuwa limawotcha anapiye ndipo mbalame zina zimaba mazira mosavuta. Kenako panabwera malonda a mazira. Pa chilumba cha Dassen chokha anatola mazira mamiliyoni ambiri, mpaka malondawo analetsedwa m'ma 1960. Mafuta otayika m'zombo anawonjezera chipsinjo, ndipo ndi amene anachititsa Althea Westphal kuyambitsa SANCCOB mu 1968. Mu Juni 2000 chombo chotchedwa Treasure chinamira pakati pa zilumba za Robben ndi Dassen. Apengwini pafupifupi 19,000 anadetsedwa ndi mafuta, ndipo anthu ongodzipereka masauzande anawatsuka ndi kuwadyetsa mmodzimmodzi m'nyumba yaikulu yosungiramo katundu ku Salt River. Ena ochuluka chimodzimodzi, omwe mafuta anali asanawakhudze, anawanyamula pa malole kupita nawo ku Port Elizabeth, komwe tsopano ndi Gqeberha, n'kuwasiya m'madzi kuti abwerere okha. Pamene ankafika kwawo, magombe anali atayeretsedwa. Ambiri mwa otsukidwa aja anapulumuka.

Mafuta amaoneka ndi maso, ndipo munthu akaona mbalame yakuda bii amadziwa chochita. Njala sioneka choncho. Pengwini amadalira kwambiri nsomba ziwiri, sadini ndi anchovi, zomwe zimayenda m'magulu akuluakulu monga achitira usipa pa nyanja yathu. Cha m'ma 2002 sadini anachuluka kwambiri m'nyanja ya South Africa, kufika matani pafupifupi 4 miliyoni, koma m'zaka zochepa anatsika koopsa. Nthawi yomweyo nsomba zambiri zinasamuka kuchoka kugombe la kumadzulo kupita kum'mawa, kupitirira Cape Agulhas, potsata kusintha kwa madzi. Mafakitale ndi madoko a zombo anatsala kumadzulo, ku St Helena Bay ndi madera ozungulira, choncho usodzi unapitirira pamalo pomwe nsomba zinali zitachepa kale. Apengwini nawo sangasamutse chilumba. Kholo lomwe lili ndi anapiye m'chisa limayenera kupita kukasaka n'kubwerera msanga, motero silingapite kutali. Komanso kamodzi pachaka pengwini amathothoka nthenga zonse n'kukhala pamtunda pafupifupi milungu itatu osadya kanthu. Akalowa nyengo imeneyi asananenepe mokwanira, amafa.

Kafukufuku wina amene anatsogolera Richard Sherley, wofalitsidwa mu 2017, anapeza chinthu chomvetsa chisoni. Atamangirira timakina totsata ulendo pa apengwini aang'ono omwe angochoka kumene m'chisa, anaona kuti ambiri amalowera kumpoto, kugombe la kumadzulo ndi ku Namibia, potsata madzi ozizira okhala ndi tizomera tambiri. Kalekale chimenecho chinali chizindikiro chodalirika chakuti kuli nsomba. Lero chizindikiro chilipobe koma nsomba kulibe, ndiye ana a mbalame amakafera komwe makolo awo akale ankakhuta.

Asodzi nawo ali ndi mbali yawo, ndipo si yopepuka. Usodzi wa sadini ndi anchovi ndi umene umatulutsa matani ochuluka kuposa usodzi wina uliwonse ku South Africa. Zombo zake zimazinga gulu lonse la nsomba ndi ukonde waukulu n'kuumanga kunsi. Sadini amathera m'zitini, zonga za Lucky Star zomwe zimapezekanso m'magolosale a ku Lilongwe ndi Blantyre, ngakhale kuti masiku ano nsomba zambiri zolowa m'zitinizo amachita kuitanitsa kunja chifukwa za kuno sizikukwana. Anchovi ambiri amagayidwa kukhala ufa wodyetsera ziweto ndi nsomba zoweta. M'matauni a kugombe la kumadzulo, fakitale ya nsomba ikachepetsa masiku ogwira ntchito, mabanja ambiri amasowa pogwira. Munthu amene akufunsa kuti ntchito yake itsekedwe pa umboni wotani sakufunsa zopanda nzeru.

Pofuna kupeza umboni umenewo, mu 2008 boma linayamba kuyesa. Anasankha zilumba ziwiriziwiri: Dassen ndi Robben kuno kumadzulo, St Croix ndi Bird ku Algoa Bay. Ankatseka usodzi mozungulira chilumba chimodzi china chili chotsegula, pakapita zaka n'kusinthanitsa, uku akuyeza kulemera kwa anapiye, chiwerengero cha opulumuka ndi mtunda womwe makolo ayenda posaka chakudya. Kuyesaku kunatenga zaka zoposa 10, ndipo kuyesa kotere n'kosowa padziko lapansi. Anthu ankayembekeza kuti pamapeto pake mkangano utha. Unangokula. Gulu la Sherley ndi anzake linati ziwerengero zikusonyeza kuti kutseka kumathandiza anapiye. Gulu la Doug Butterworth wa pa University of Cape Town, katswiri wodziwika wa masamu a usodzi, linati njira yowerengera ya anzawowo inkapangitsa zotsatira kuoneka zotsimikizika kuposa mmene zinaliri, chifukwa anapiye a chilumba chimodzi m'chaka chimodzi amakumana ndi nyengo yofanana ndipo sangawerengedwe ngati mboni zosiyana. Anayankhana m'magazini a sayansi, mmodzi kulemba wina kutsutsa, onse akugwiritsa ntchito ziwerengero zomwezo.

Mkangano wotere si wachinyengo. Umu ndi mmene sayansi imadziyeretsera, ndipo mafunso a Butterworth anachititsa kuti mawerengedwe akonzedwe. Koma chimene chimandipweteka n'chakuti m'zaka zonse zimene akatswiri ankakangana, zombo zinkapitabe kunyanja ndipo mbalame zinkachepabe. Kunena kuti tidikire umboni wokwanira kumamveka ngati kusakondera, pamene kwenikweni ndi kusankha kuti mtengo wa kukayikako ulipiridwe ndi mbali imodzi. Nsomba zosaphedwa chaka chino zikhoza kuphedwa chaka chamawa. Mtundu wa mbalame ukatha sudzabwereranso.

Kumapeto kwa 2022, nduna ya nthawiyo Barbara Creecy inasankha gulu la akatswiri ochokera kunja, lotsogoleredwa ndi André Punt wa ku University of Washington, kuti liunike umboni wonse. Lipoti lawo linatuluka mu Ogasiti 2023 ndipo silinapatse mbali iliyonse zonse zomwe inkafuna. Linati kutseka usodzi kumathandizadi, koma pang'ono, mwina kukweza kachulukidwe ka mbalame ndi pafupifupi 1 peresenti pachaka, ndipo pakokha sikungaimitse kutha kwa apengwini. Linatinso mawerengedwe a nsomba zomwe makampani angataye ayenera kuti anali okokomeza, ndipo linapereka njira yosankhira malire poyerekeza phindu kwa mbalame ndi kutaya kwa asodzi. Nduna inalengeza kuti kutseka kukhala kwa zaka 10, koma inasiya malire ongoyembekezera omwe anaikidwa mu 2022, pokhapokha mbali ziwirizo zitagwirizana ena. Oteteza mbalame anati malire amenewo m'malo ena sankafika kumene timakina tinasonyeza kuti apengwini amasakako. Anthu amene anakangana zaka zonsezo sakanagwirizana okha, ndipo mu Malichi 2024 nkhani inalowa m'khoti, mothandizidwa ndi maloya a Biodiversity Law Centre. Mgwirizano wa 2025 unabwera mlandu utatsala pang'ono kumvedwa, nduna ili Dion George.

Tsono 1 peresenti ingachitenji pamene mbalame zikutha ndi 8 peresenti? Apa ndi pamene nkhani yakhala ikusokonekera. Ena amati poti phindu ndi lochepa, kutseka n'kosafunika. Ine ndikuona kuti chiwerengerocho chikutiuza kuti kutseka n'kosakwanira, zomwe ndi zosiyana kwambiri. Pa chilumba cha St Croix, chomwe chinali ndi apengwini ambiri kuposa malo ena onse, mbalame zinachepa mofulumira kuyambira 2016 pamene zombo zinayamba kuthirana mafuta panyanja ku Algoa Bay, ndipo kafukufuku wa Lorien Pichegru wa ku Nelson Mandela University anagwirizanitsa kuchepako ndi phokoso la zombo pansi pa madzi. Palinso matenda a chimfine cha mbalame, kutentha, ndi zilombo za m'nyanja zomwe zimagwira apengwini. Ngakhale njuchi zinaphapo apengwini 63 pafupi ndi Boulders mu Seputembala 2021. Koma funso lalikulu, lomwe malire a pa mapu sakuliyankha, ndi la kuchuluka kwa nsomba zoyenera kusiyidwa m'nyanja yonse. Mu 2011 Philippe Cury ndi anzake, atasonkhanitsa ziwerengero za mitundu 14 ya mbalame za m'nyanja m'madera 7 a dziko lapansi, anapeza kuti nsomba zikatsika kuchepera gawo limodzi mwa magawo atatu a kuchuluka kwake kwakukulu, mbalame zimayamba kulephera kulera ana. Sadini wa kugombe la kumadzulo wakhala pansi pa mlingo umenewo kwa zaka zambiri.

Kwathu nzeru yotseka madzi si yobwera ndi azungu kapena makhoti. Pa chilumba cha Mbenji ku Salima, m'dera la Gogo Chalo Makanjira, usodzi umatsekedwa nyengo ya mvula chaka chilichonse kuyambira m'ma 1950, ndipo asodzi amachoka pachilumbapo mpaka tsiku lotsegulira. Lamuloli lakhalitsa chifukwa amene amalisunga ndi omwewo amene amadya phindu lake utaka ukachuluka. Pa nyanja ya Malombe, pomwe makoka anapitirira kukokolola mpaka chambo anatha cha kumayambiriro kwa m'ma 1990, tinaona mbali inayo. Chimene chikusiyana ku Cape Town n'chakuti wopindula ndi kutseka si msodzi, ndi mbalame, ndiye chilolezo cha msodzi sichingabwere chokha. Ife tikamakamba za usipa timawerenga mabeseni ofika padoko. Sitinazolowere kufunsa kuti ncheni, mpasa, nkhwazi ndi mbalame zina za m'nyanja zatsala ndi chiyani pamene magetsi a asodzi akuchuluka usiku uliwonse.

Pakadali pano ntchito ina ikuchitika kum'mawa kwa Cape Town, ku De Hoop, pafupi ndi kumene sadini anasamukira. BirdLife South Africa, CapeNature ndi SANCCOB anamanga mpanda woletsa zilombo za kumtunda, anaika zidole zooneka ngati apengwini ndi zokuzira mawu zoliza kulira kwawo, ndipo kuyambira 2021 akhala akumasulirako ana a mbalame oleredwa ku Table View. Anapiye oyamba anaswedwa pamalopo mu 2022. Ndi mabanja owerengeka chabe, ndipo pengwini amatenga zaka zingapo asanayambe kuswana, choncho zotsatira zenizeni zichedwa.

Malire atsopano aja adzaunikidwanso pakatha zaka 6. Kuti kuunikako kudzakhale ndi tanthauzo, pafunika kuti zombo ziziyang'aniridwa ngati zikulemekezadi malire, kuti owerenga zisa apitirize kupita ku zilumba, ndiponso kuti chombo cha boma choyeza nsomba ndi makina a mawu, ntchito yomwe inayamba m'ma 1980, chizituluka pa nthawi yake chaka chilichonse. Kuchuluka kwa sadini wololedwa kuphedwa kumakhazikitsidwa kuchokera pa ziwerengero za chombo chimenecho, ndipo mgwirizano wa ku Pretoria sunakhudze mlingo umenewo.