KATEMERA WOPANGIDWA NDI YISITI

Amayi ambiri obwera kusikelo amafunsa kuti, "Kodi katemera mukubaya mwanayu amachokera kuti?" Funsoli ndi loyenera. Mwezi uno tifotokoza za katemera woteteza ku matenda a chiŵindi otchedwa Hepatitis B.

Kachirombo ka matendaŵa kamayenda m'magazi. Mwa makanda 10 amene akatenga, pafupifupi 9 amakhala nako moyo wao wonse, ndipo ena a iwo atakula chiŵindi chimauma kapena kugwidwa ndi khansa.

Ulusi wa malangizo

M'chamoyo chilichonse muli ulusi wosaoneka ndi maso wotchedwa DNA. Pa ulusiwu palembedwa malangizo onse a mmene chamoyocho chiyenera kukhalira. Kachigawo kamodzi ka malangizoŵa kamatchedwa jini. M'chaka cha 1973, Stanley Cohen ndi Herbert Boyer a ku California anasonyeza kuti jini ingadulidwe ndi kuikidwa m'kanthu kena kamoyo, ndipo kanthuko kamatsata malangizo atsopanowo.

Mmene ntchitoyi imayendera

Choyamba, akatswiri amadula pa ulusi wa kachirombo ka Hepatitis B jini imodzi yokha, ya chikhungu chake chakunja. Podula sagwiritsa ntchito lumo koma mankhwala otchedwa maenzayimu.

Chachiŵiri, amalumikiza jiniyo ku kamkombero ka DNA kotchedwa pulasimidi, monga telala asokera chigamba pa nsalu.

Chachitatu, amaloŵetsa kamkomberoko m'yisiti, kanthu kamoyo komwe kaja kofufumitsa buledi ndi mandasi. Yisitiyo amaidyetsa shuga m'matanki aakulu aukhondo. Ikamachulukana imapanganso chikhungu chija.

Pomaliza, amaphwanya yisitiyo, nasefa chikhungu chokha, nachiyeretsa ndi kuchiyesa asanachithire m'timabotolo.

Katemera woyamba wa matendaŵa, wa mu 1981, ankachokera m'magazi a anthu okhala ndi kachiromboka. Wa yisiti anavomerezedwa ku America mu 1986, ndipo safuna magazi a munthu.

Kodi angadwalitse mwana?

Iyayi. M'katemerayu mulibe kachirombo, muli chikhungu chake chabe, ndipo chikhungu pachokha sichingaswane. Thupi likachiona limakonza chitetezo, kotero kuti kachirombo keniko kakadzafika kadzapeza alonda ali maso. Mwana akhoza kutentha thupi pang'ono kapena kutupa pobayidwapo, koma zimenezi zimatha m'masiku oŵerengeka.

Udindo wa makolo

Kuno ku Malaŵi katemerayu analoŵa m'ndondomeko ya ana mu 2002. Amaperekedwa m'jakisoni imodzi pamodzi ndi wa kafumbata, wa chifuwa chokoka mtima ndi ena aŵiri. Mwana amabayidwa pantchafu katatu: ali ndi masabata 6, 10 ndi 14. Kamodzi sikokwanira.

Bambo ndi mayi, onani m'kabuku ka kusikelo lero lomwe. Ngati mwana wanu anaphonya tsiku, musachite manyazi. Bwerani naye, adzapitiriza pamene analekezera.